Kalata Imene Doña Provi Ankakana Kusaina

Ikafika Malichi khonde langa limasanduka ofesi. Ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kuno ku Lares zaka makumi atatu, ndipo anthu amaganiza kuti munthu woloweza masiku amene abwanamkubwa akale anafa sangalephere fomu ya boma. Ndiye amabwera ndi ana awo omaliza sukulu, mapepala ali m'majumbo, kuti tilembe fomu yopemphera beka, ndalama ija boma limalipirira nayo ana a anthu osauka kukoleji. Ambiri timamaliza khofi asanazizire. Ya Doña Providencia Irizarry inatitengera miyezi isanu, ndipo inatsala pang'ono kupasula nyumba.

Doña Provi anabadwira ku Pezuela, kumtunda kuminda ya khofi, mwana wachisanu ndi chiwiri m'nyumba ya ana khumi. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo awo anawaveka diresi lakutchalitchi n'kuwanyamula paphewa njira yonse kukawapereka kwa azakhali ena a m'tauni amene analibe mwana. Zimenezi kuno sizinali zachilendo, ndipo ngakhale lero sizinatheretu. Nyumba ina pakamwa pachuluka, ina mbale zikutsala. Akuluakulu amakhala pansi, amamwa khofi, amagwirana chanza, mwana wasamuka. Zokauza woweruza palibe ankaziganiza, popeza woweruzayo sankadya nawo.

Atakula anathyolako khofi, anasokako zovala m'fakitale ina imene eni ake anaitseka tsiku lina osatsanzika, kenako analowa m'khitchini ya sukulu ya pulayimale, momwe anaphika mpunga wa nandolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Theka la anthu amene lero akuvala tayi m'tauni muno anakokedwapo khutu ndi iwo chifukwa chosiya chakudya m'mbale. Anakwatiwa ndi dalaivala wa galimoto zonyamula anthu pa msewu wa ku Arecibo, munthu wachete amene anamwaliranso mwakachetechete momwemo. Mwana wobereka okha analibe.

Idamaris anabwera ali ndi zaka zitatu. Mayi ake anali atangomwalira kumene, ndipo bambo ake, Heriberto Quiles, anali atapeza ntchito yokhoma madenga ku Florida. Doña Provi ndiwo anamuimira mwanayo pa ubatizo, motero mwanayo ankawatchula kuti Madrina, pamene iwo ndi Heriberto ankaitanana comay ndi compay, ubale umene kuno timauopa kuposa wa magazi. Lamulungu lina masana Heriberto anafika atamugwira mwanayo padzanja, dzanja linali chikwama cha zovala, paphewa mkoko wa nthochi. Anakhala pansi, anamwa khofi, anapempha monga mwa mwambo kuti comay amulerere mwanayo mpaka zinthu zitakhala bwino. Zinthuzo zakhala zili m'njira kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tsopano. Pa tsiku la Mafumu Atatu, mu Januwale, ankaimba foni. Zaka zina.

Mtsikanayo ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo anali wa mafunso ovuta, aja amachititsa mphunzitsi kuyang'ana wotchi. Atamaliza sekondale anagwira ntchito zaka ziwiri kophikira buledi pafupi ndi bwalo la tchalitchi, n'kutenga udindo wa magetsi ndi madzi a pakhomo, chifukwa penshoni ya munthu wophika kusukulu imafika pa tsiku la 20 la mwezi ili wefuwefu. Chaka chimenecho anapeza malo ophunzira unamwino pakoleji ina yakumunsi kugombe. Malo analipo. Chotsala chinali beka.

Fomuyo, isanafunse china chilichonse, imafuna kudziwa ngati wopemphayo ndi munthu payekha kapena ndi mwana wa winawake, ndipo ili ndi njira zake zodziwira. Wakwanitsa zaka makumi awiri ndi zinayi? Uli pabanja? Uli ndi mwana amene ukumudyetsa? Unakhalapo msilikali? Makolo ako onse awiri anamwalira? Khoti linakuikapo m'manja mwa munthu wina? Idamaris ankayankha ayi, ayi, ayi, mutu uli m'mwamba, monga mtsikana amene sanachititsepo munthu manyazi. Ndinachita kumufotokozera kuti ayi aliyenseyo akumukankhira kuphompho. Akanatenga mimba ali pasukulu, boma likanamuyesa munthu wamkulu. Popeza anadzisunga, n'kumadzuka mbandakucha kukakanda ufa, n'kumalipira magetsi, boma linagamula kuti ndi wodalira makolo, ndipo likufuna kuona mapepala a msonkho a makolowo.

Doña Provi anali atakonzeka. Anatsegula chitini chakale cha mabisiketi n'kutulutsa mapepala awo onse, chaka ndi chaka, atawamanga bwinobwino ndi mphira. Ndinawawerengera malangizo: agogo, azakhali, amalume ndi wina aliyense wolera mwana si kholo, pokhapokha ngati anamutenga mwanayo kudzera kukhoti. Anandiuza kuti ndiwerengenso. Ndinawerenganso, koma mawuwo sanasinthe.

"Amene analemba zimenezi, aphunzitsi, analeredwa ndi ndani?"

"Ndi fomu inzake, Doña Provi."

Kholo limene fomu inkalidziwa linali ku Florida, choncho Idamaris anaimba foni. Heriberto anasangalala kwambiri. Anati mwana wake namwino, ndani akanadziwa, ndipo mapepala atumiza Lolemba. Anadutsa Malolemba asanu ndi limodzi. Kenako foni yake inayamba kudwala matenda aja ogwira mafoni a anthu ofunidwa: imaitana osayankhidwa, ikayankhidwa mawu samveka. Zoona zake zinatuluka pang'onopang'ono, ngati thonje la m'pilo long'ambika. Choyamba, anakwatiranso, msonkho amalembera pamodzi ndi mkazi wakeyo, ndipo mayiyo anati malipiro ake si nyuzipepala yoti aliyense aziwerenga. Chachiwiri, chimene anachinena akuseka ngati nkhani ya kumowa, zaka zonsezi wakhala akulemba dzina la Idamaris pa mndandanda wa ana amene amawadyetsa, kuti msonkho uzitsika. Ankaopa kuti mapepala a ofesi ina akakumana ndi a ofesi inzake angayambe kucheza. Ndiye kuti m'mabuku a boma Idamaris wakhala akudya kwa bambo ake tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi zaka zitatu. Ndinafuna kumufunsa kuti nanga bwanji sanenepa, koma nditamuyang'ana nkhope ndinameza nthabwalayo.

Kumayambiriro kwa Julayi ndinawatenga onse awiri pagalimoto yanga kupita kukolejiko. Mu ofesi yoona za thandizo tinapeza Mayi Cintrón, munthu waulemu, wa maso otopa ngati a namwino wa Lolemba m'mawa. Anamvetsera nkhani yonse osatidula, ngakhale zinkaoneka kuti akanatha kuimaliza okha. Anati kukana kwa kholo si chifukwa. Akanati aziwerengera zimenezo, bambo aliyense pachilumba pano akanakana pofika mawa. Popanda mapepala a bamboyo mtsikanayo angapatsidwe ngongole yochepa basi, yosakwana ngakhale theka la chaka. Koma khomo lina lilipo, lopapatiza. Ngati pali umboni woti bamboyo anamutaya mwanayo, komiti ikhoza kumuwerengera ngati wodziimira payekha, ndipo mapepala a msonkho a kholo safunikanso. Pafunika makalata atatu: awiri a anthu apadera odziwika, monga mphunzitsi ndi wansembe, ndipo yachitatu ya amene anamulera. Afike pasanadutse Lachisanu lomaliza la mweziwo, chifukwa likangodutsa malowo amapita kwa ena amene akudikira pamzere.

Pobwerera ndinati njira yachidule ilipo, banja. Idamaris anati ndimupezere mwamuna wokongola, wosayankhula, ndiponso wodziwa kusoweka akangosaina. Ndinati otsirizawo kuno sasowa. Doña Provi sanaseke. Ankayang'ana mapiri pazenera, chitini chili pamiyendo.

Kalata yanga ndinalemba masana amodzi. Ya wansembe inatha ndime zitatu ikutamanda mawu a mtsikanayo m'kwaya, koma kumapeto inanena zofunikazo m'chiganizo chimodzi chamanyazi. Ya Doña Provi anandipempha kuti ndiwalembere, iwo adzangosaina. Ndinalemba m'chinenero chimene maofesi amamva: kuti iwo, Providencia Irizarry, akuchitira umboni kuti Idamaris Quiles anatayidwa ndi bambo ake ali ndi zaka zitatu, ndipo kuchokera nthawiyo bamboyo sanamusamalenso. Anabwera pakhonde ndi mtsikanayo, anavala magalasi, anawerenga chapansipansi, kenako anaika cholembera pansi.

"Mwana uyu sanatayidwe."

"Ndi mawu a mu ofesi chabe, Doña Provi."

"Mwana wotayidwa amapezeka pakhomo la chipatala atakulungidwa m'nsanza. Uyu anabwera dzuwa likuswa mtengo, atavala nsapato, bambo ake atamugwira padzanja. Munthuyo anakhala pampando wanga, anamwa khofi wanga, anapempha. Ine ndinachita kupatsidwa. Sindinatole."

Ndinayesa njira zonse zimene mphunzitsi amadziwa. Ndinati pepalalo liwerengedwa ndi anthu atatu amene sakuwadziwa, kenako likagona m'kabati mpaka njenjete zitalimaliza. Anati Mulungu amawerenga za m'kabati. Ndinati Heriberto sadzaliona. Anati ndiye zoipa kwambiri, chifukwa munthu amene unaima naye pa madzi a ubatizo sumunenera kumbali. Ndinati zonse zimene zalembedwazo ndi zoona. Apa anavula magalasi n'kundiyang'ana mmene ankayang'anira ana osiya mpunga.

"Bambo anga anandinyamula paphewa kuchokera ku Pezuela mpaka m'tauni muno, akulira njira yonse. Iwonso muwalembe kuti anataya mwana?"

Ndinachita manyazi kuti munthu wa mbiri yakale ndinaiwala kuti mayiyo ali ndi yawo. Idamaris ndiye anawayankha. Anali atatsamira mzati.

"Madrina, ulemu wa bambowo ine ndiudya? Ndikalipira nawo sukulu?"

"Usandikwezere mawu pakhomo pa eni."

"Munthu wandiimbira foni kasanu ndi kanayi moyo wanga wonse. Ndakhala ndikuwerenga. Dzina langa saliiwala chifukwa chaka chilichonse amalilemba pa msonkho."

"Ndiye ukufuna pa pepala la boma palembedwe kuti ndiwe chotola?"

"Palembedwe kuti ndinagwa mumtengo wa mango, bola ndipite kusukulu."

Anachoka aliyense njira yake, ngakhale nyumba inali imodzi. Aneba anandiuza kuti sabata yonse awiriwo sanayankhulane, koma mbale yovundikira inkamudikira mtsikanayo patebulo monga mwa masiku onse, ndipo iye ankaitsuka n'kuibwezera pamalo pake. Mkangano wa m'nyumba imeneyo unkayenda mwaukhondo.

Kenako Doña Provi analemba kalata yawoyawo, ndi dzanja, masamba anayi a m'kope. Ndinaiwerenga, ndipo pa zikalata zonse zimene zadutsa pakhonde langa palibe yoposa imeneyo. Inanena za malungo amene anatsala pang'ono kumutenga mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, za miyezi ija tinakhala opanda magetsi mphepo yamkuntho itadutsa pamene ankawerengera pa kandulo, za nsapato zonse zimene anamugulira, kukula kwake ndi chaka chake. Ndipo popeza Doña Provi sanama ngakhale ponena za munthu amene akumudandaula, anaika ndime yonse ya zabwino za compay: kuti amaimba foni pa Mafumu Atatu akapeza mpata, kuti anatumizapo chidole, kuti anatumizapo chijekete cha chisanu chimene kuno chinangothandiza mphaka, kuti si munthu woipa koma moyo wakunja ndi wovuta, ndipo kuti mwanayo anamupereka mwaulemu, mogwirizana.

Idamaris anapita nayo yekha Lolemba la sabata yomaliza. Anandiuza kuti Mayi Cintrón anaiwerenga mpaka kumapeto, anapukuta m'maso, kenako anaikankhira kwa iye pang'onopang'ono n'kunena kuti sanaione. Anati akaipereka ku komiti, komiti iona zinthu ziwiri: akuluakulu awiri anagwirizana, ndipo bamboyo amaimba foni. Kholo loimba foni likhoza kutumizanso mapepala. Kalatayo inali yoona kwambiri moti ikanamumiza.

Lachiwiri m'mawa Doña Provi anafika pakhonde langa atavala diresi lakutchalitchi, foni ili m'manja. Anati asaina, koma sangalembe zoterozo za compay mwiniwake asakudziwa. Ayenera kupempha kaye chilolezo. Ndinawauza kuti kutaya mwana kochita kupempherana chilolezo ndi chinthu chatsopano m'malamulo, ndipo mwina ophunzira adzalemba mabuku. Anandiuza kuti ndikhale pansi ndikhale mboni. Nditawayang'ana bwino ndinazindikira chimene ankayembekeza. Sankafuna chilolezo ayi. Ankadziwa, mmene munthu amadziwira dzina lake, kuti mwamuna aliyense akamva kuti dzina lake lilembedwa choncho pa pepala la boma, manyazi amugwira, akalipa, ndipo mapepala a msonkho afika dzuwa lisanalowe.

Foni anaikweza mawu chifukwa makutu awo ayamba kuvuta. Heriberto anayankha itangoitana kawiri. Mwana ukhoza kumuzemba, koma comay ayi. Kumbuyo kwake kunkamveka nyundo. Doña Provi anayamba ndi moni wonse, anafunsa za mayi wa kunyumba, za msana wake, za mvula ya kumeneko. Atafika pankhani anazungulira ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro. Anati a ku koleji akufuna alembe chinthu choipa, chimene iwo akana mwezi wathunthu. Akufuna alembe kuti iye, compay, anataya mwana wake. Anati iwo awauza anthuwo kuti compay ndi munthu wa ulemu wake, sangalole mawu otero, angalole kutumiza pepala lililonse kusiyana ndi kulembedwa choncho.

Nyundo inasiya. Ndinaona Doña Provi akuwongola msana.

"Ndiye mukalemba choncho, comay, mapepala angawo sawafunanso?"

"Akuti sawafuna."

"Aa, nanga mwachedweranji? Lembani, comay, lembani. Mukafuna muonjezerepo kuti ndinkamwa, zimveke bwino. Inu ndinu munthu wa Mulungu. Mumupatse moni namwino wathuyo."

Nyundo inayambiranso foni isanaduke.

Doña Provi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana foniyo ngati ikhoza kuitananso n'kupepesa. Ine ndinapeza chochita ndi makapu. Nditabwerako anali atatenga kale kalata ija ndinawalembera pansi pa mwala umene ndimatsindikira mapepala, akuiwerenganso.

"Apa mwalakwitsa, aphunzitsi. Mwalemba kuti anamutaya ali ndi zaka zitatu. Wamutaya lero, ine ndikumva." Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse cholembera. "Koma pasiyeni choncho, a ku ofesi angasokonezeke."

Anasaina dzina lonse, ndi la kwa amayi awo lomwe, zilembo zikuluzikulu za munthu amene anaphunzira kulemba pa sileti.

Lachisanu tinapita tonse atatu, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kuwasunga Doña Provi m'galimoto. Ankafuna kulowa kuti akawatsimikizire Mayi Cintrón kuti zonse zachitika mwadongosolo, bamboyo wafunsidwa ndipo wavomera yekha. Ndinawauza kuti chilungamo chimenecho chikhoza kudikira mpaka mtsikanayo atalandira dipuloma. Anati dziko limene munthu amabisa kuti anapempha chilolezo ndi dziko lopenga. Ndinavomereza, ndipo tinagwirizana kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo. Idamaris anatuluka patapita mphindi khumi, m'manja muli kapepala kodindidwa.

Komiti inatenga masabata atatu, sukulu n'kutsegulira iye asakudziwa ngati ndi wophunzira kapena mlendo. Ankapita m'kalasi m'mawa, masana n'kukaima pakhomo la ofesi. Yankho litafika, Doña Provi anabwera nalo pakhonde kuti ndiwawerengere, ngakhale anali ataliwerenga kale okha, chifukwa m'mphepete mwake munali mafuta a zala. Linali lalifupi. Linati komiti yaunika umboni ndipo yapeza kuti wophunzirayo alibe kholo limene angalidalire. Kuyambira tsopano awerengedwa ngati wodziimira payekha, ndipo beka yaperekedwa yonse.

"Pitirizani," anatero.

Ndinati latha, kwatsala dzina la wosaina.

"Nanga ine pamenepo ndili pati?"

Ndinatembenuza pepalalo, ngakhale ndinkadziwa kuti kuseri kulibe kanthu. Ndinawauza kuti mwina ali mu mawu akuti umboni. Anagwedeza mutu, analipinda kanayi n'kulilowetsa m'chikwama. Kenako anadzuka, akugwira bondo, n'kunena kuti asachedwe, nyemba azisiya pamoto, ndipo wodziimira payekhayo amafika faifi koloko njala itamupha.